Mapiritsi amene ndinabisa m'chitini cha mbewu ya therere

Ndine mlimi wa thonje, ndipo pakhomo pathu wopopera mankhwala ndinali ine kuyambira kalekale. Amuna anga anali mphunzitsi wa kupulayimale kuno ku Sinda, ndipo aliyense, ngakhale ine ndemwe, tinkangowatchula kuti aphunzitsi ngakhale atapuma kale ntchito. Choko ankachidziwa, koma akabereka chopopera kumsana zinali zomvetsa chisoni: mzere umodzi kuupopera kawiri, wina kuudumpha. Ndinawalanda chopoperacho chaka chachiwiri cha ukwati wathu ndipo sanadandaule. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti zimene ndinachita sindinazichite mwaumbuli. Muyezo wa mankhwala ndinkaudziwa kuposa alimi ambiri a m'mudzi muno.

Khansa ya m'matumbo anawapeza nayo mochedwa. Anayamba n'kudandaula m'mimba, ife n'kumati ndi zilonda, mwina ndi nyemba. Kuchipatala ku Katete atawayeza anatitumiza ku Lusaka, ndipo kumeneko anawachita opaleshoni n'kudula mbali ya thumbo. Dokotala wawo anali mayi wochepa thupi, wolankhula Chinyanja cha m'tauni chothamanga. Anatiuza mosabisa kuti mpeni wachotsa zimene maso anaona, koma zotsala zosaoneka zikufunika mankhwala. Anati mankhwalawo akalephera matenda adzabwerera, ndipo akabwerera kudzakhala kovuta kuwachotsanso.

Tinayamba nyengo yotentha. Pakatha masabata atatu alionse tinkapita ku Lusaka kukalandira mankhwala a m'diripi. Pobwerera ankatipatsa mapiritsi, atatu m'mawa, atatu madzulo, akatha kudya, kwa masabata awiri. Sabata yachitatu inali yopuma. Kenako kukayezetsa magazi ku Katete, kenako basi ya ku Lusaka, n'kuyambiranso. Namwino anandilembera nambala ya foni kuseri kwa khadi, nati akatsegula m'mimba kwambiri, kapena m'kamwa mukatuluka zilonda, kapena thupi likatentha, ndiimbe osadikira. Anandiuzanso kuti mapiritsiwo ndisamawagwire ndi manja, ndiziwagwetsera m'kachivindikiro. Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinaseka. Ine wa thonje, mwana wa dzana andiphunzitse kusagwira poizoni.

Msewu wa ku Lusaka uja ndinadana nawo. Mapiri a kutsogolo kwa Nyimba basi inkawakwera ngati ikuchita kukakamizidwa, ndipo tikaima pa Luangwa fungo la nsomba zowamba linkawadzutsira mseru aphunzitsi. Ine ndinkakhala ndi kachidebe pamiyendo ndi chitenje chopukutira. Tikafika kunyumba ndinkapeza mbuzi zalowa m'dimba, kapena nkhuku imodzi yasowa. Ana athu ali kutali ndi ntchito zawo, ankaimba foni ndi kutumiza zimene angathe, koma wochapa ndi wophika ndinali ndekha.

Titabwera ulendo woyamba, masana ena tili pakhonde ine ndikusenda mtedza, ndinawafunsa. Ndinati, "Aphunzitsi, mankhwala amenewa akukuchiritsani kapena akukumalizani?" Nkhope yawo inawala, poti anapeza mwana wa sukulu. Anatola kamtengo n'kujambula pansi kanthu kozungulira.

"Iyi ndi selo," anatero. "Thupi lonseli ndi tizinthu ngati timeneti, tosaoneka ndi maso. M'kati mwa selo iliyonse muli malangizo a mmene iyenera kukhalira, amawatcha DNA. Selo ikafuna kuti zikhale ziwiri, imayamba yakopera malangizo onsewo. Mankhwalawa amawononga malangizowo pamene ikukopera, ndiye selo imafa. Maselo a khansa amakopera usana ndi usiku osapuma, choncho ndi amene amafa kwambiri."

Ndinati nanga kusanza konseku n'kwachiyani. Anati n'chifukwa chakuti maselo ena abwinobwino nawonso ndi othamanga, a m'kamwa, a m'matumbo, a pakhungu, ndi amene amapanga magazi, ndipo mankhwala safunsa dzina. Ndinawafunsa kuti nanga anthu ophunzira onsewo alephera bwanji kupeza chophimbira abwinowo. Anati akufufuzabe, koma vuto lake n'lakuti ukaphimba abwino, oipa nawonso amatha kubisala momwemo. Chimene chilipo, anatero, ndi sabata yopuma ija ndi muyezo woyenera, chifukwa selo yabwino ikapatsidwa mpata imakonza malangizo ake msanga kuposa ya khansa. Atatero anafufuta ndi phazi n'kundifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva, ndipo ndinamvadi.

Anthu obwera kudzazonda sankabwera chimanjamanja. Amayi a chigwirizano kutchalitchi kwathu anabweretsa ufa wa chammwamba ndi wa malambe, ati umateteza thupi ku ukali wa mankhwala. Mng'ono wanga amene anakwatiwa ku Vubwi anabwera ndi makungwa ofiira amene anagula kwa munthu wa kutsidya ku Mozambique, ati owiritsa n'kumwa, amatsuka poizoni m'magazi. Ameneyu ndiye ndinamupsera mtima. Ndinati iwe, adokotala anati tisawonjezere kanthu osawafunsa, ukufuna utsuke mankhwala amene tikuwavutikira pamsewu wonse uja? Anabwerera ku Vubwi ndi makungwa ake atakwinya nkhope, ndipo sanandiimbire mwezi wathunthu. Ine ndinkadziona kuti ndine wanzeru pamudzi ponse.

Ulendo wachitatu ndi umene unatigwetsa. Mvula inali itayamba, thonje litamera, udzu ukuthamanga. Zikhatho za aphunzitsi zinafiira n'kuyamba kusupuka, mapazi chimodzimodzi, zidendene kung'ambika mpaka magazi. Sankatha kumanga mabatani a malaya. Munthu amene anali mkulu wa mpingo, wowerenga mawu pamaso pa anthu, analephera kutembenuza tsamba la Baibulo lake. Akagwira kapu ya madzi ozizira ankaitaya ngati yawaluma. M'kamwa munatuluka zilonda moti phala lenilenilo ankalimwa misozi ikutsika. Kenako m'mimba munatseguka. Ndinachapa zofunda masiku anayi otsatizana, mvula ikugwa, popanda poyanika.

Nambala ija inali kuseri kwa khadi, ndipo ndinaiyang'ana kangapo konse. Sindinaimbe. Kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti ndinaopa kuti achipatala akamva awaimitsa mankhwala onse. Zimenezo zinalipo, koma sizinali zokhazo. Ndinaopanso kuti anena kuti bwerani nawo ku Lusaka mawa, ndipo ine msewu uja thupi langa linaukana. Ndinali nditatopa, abale inu, kutopa kofika m'mafupa, koti ukakhala pansi kuti usankhe nyemba umapezeka wangoyang'ana lichero.

Chimene chinandibwerera m'mutu chinali matimati anga a zaka zapitazo. Chaka china ndinawapopera mankhwala okhathamira, m'mawa mwake masamba onse atapsa m'mbali n'kupindika. Ulendo wotsatira ndinachepetsa pang'ono, ndipo anaphukiranso bwinobwino. Mlimi aliyense amadziwa kuti tsamba likapsa ndiye kuti dzanja linalemera. Ndinayang'ana zikhatho za amuna anga ndipo ndinaona masamba aja. Ndinati adokotala ali ku Lusaka sakuona zimene ndikuona ine, apima muyezo wa munthu wonenepa pamene uyu watsala mafupa okhaokha.

M'mawa mwake ndinagwetsera mapiritsi atatu m'kachivindikiro monga mwa masiku onse. Limodzi ndinalibweza pambali ndi kasupuni. Sindikanalisiya m'pepala lake chifukwa namwino ankaona mapepalawo tikapita, kulitaya ndinachita mantha ndi nkhuku ndi ana a anansi. Kukhitchini kwanga kudenga kumakhala kachitini kamene ndimasungamo mbewu ya therere, ndiye ndinaliponya mmenemo. Awiri otsalawo ndinapita nawo kwa aphunzitsi. Anatsinzina, n'kuyasama, ine n'kuwathira m'kamwa kuchokera m'kachivindikiro poti manja awo sankagwira, n'kuwamwetsa madzi ofunda. Anameza. Madzulo ndinachitanso chimodzimodzi.

Kuyambira masiku amenewo anayamba chizolowezi chotsinzina akangomva ndikutsegula pepala la mapiritsi, ndisanafike n'komwe pamene ali. Ndinkati mwina atopa nako kuwaona.

Choipa chake n'chakuti zinaoneka ngati zathandiza. M'mimba munaima. Zilonda za m'kamwa zinayamba kuuma, ndipo patapita sabata anadya dzungu lophika ndi mkaka, n'kupempha lina. Khungu latsopano linamera m'zikhatho, lofewa ngati la khanda. Lamulungu lina anavala jekete lawo n'kuyenda okha mpaka kutchalitchi, anthu n'kumati mapemphero ayankhidwa. Magazi ku Katete anapezeka abwino. Ku Lusaka namwino uja anandigwira paphewa nati, "Amayi, mukuwasamala bwino abambowa." Ndinati zikomo, m'maso muli gwa.

Ndinkati ndichita sabata imodzi yokha, akapezako bwino ndibwerera pa atatu. Koma ulendo wachinayi zikhatho zitangoyamba kufiira, dzanja langa linapita lokha ku kasupuni. Masiku ena ndinkachotsa la m'mawa lokha, masiku ena konsekonse, malinga ndi mmene ndawaonera. Ndinasanduka dokotala wa pakhomo, wopima ndi maso. Zinapitirira choncho mpaka maulendo onse anatha.

Miyezi yomweyo ndi imene timapopera thonje. Ndinkalawirira kumunda mame asanaume, n'kuyeza mankhwala a mbozi ndendende pa mzere wa kabotolo, osachepetsa ngakhale dontho. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Alangizi akhala akutiuza zaka zonsezi kuti ukachepetsa muyezo mbozi sizifa zonse, zimangoledzera, ndipo zotsalazo zimalimba moti chaka chamawa mankhwala omwewo sazikhudzanso. Ine ndemwe ndinkakalipira anzanga amene amatambasula botolo limodzi kuti likwane minda iwiri. Ndiye ndinkayenda m'mizere ndi chopopera kumsana, mawu amenewo akundilira m'makutu, n'kubwerera kunyumba, kusamba m'manja, n'kukachotsa piritsi limodzi. Musandifunse kuti zinkatheka bwanji. Mutu unkadziwa china, manja ankachita china, ndipo amuna anga ankadya.

Titatola thonje, kukuzizira, anatiitana kukawaunika pa makina. Tinadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala uja anatiitana, natembenuza kompyuta kuti tione, ngakhale ine sindinaonepo kanthu koma mithunzi. Anati m'chiwindi mwaoneka timadontho titatu timene kale panalibe. Aphunzitsi anangogwedeza mutu ngati akumva zotsatira za mayeso a mwana wa munthu wina. Atawatenga kukawachotsa magazi m'chipinda china, ine ndinatsala pampando.

Ndinamuuza dokotalayo zonse. Ndinayamba ndi zikhatho, ndi zofunda, mpaka matimati ndinawatchula, ngati kuti matimati angandiikire kumbuyo. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso, ndipo ndinaona kuti nayenso ndi munthu wotopa. Sanakweze mawu.

"Amayi, mukanaimba," anatero. "Zikhatho zikafika pamenepo ifenso timachepetsa, kapena timapumitsa masiku angapo. Timachita zimenezo kawirikawiri. Koma timachepetsa tikudziwa kuti tachepetsa zingati, ndipo timayang'ana ngati tingabwezere. Ine miyezi yonseyi ndimaona magazi abwino, ndimati thupi lawo likupirira muyezo wonse."

Ndinamufunsa funso limene linkandivuta. Ndinati, "Ndiye ndine ndachititsa?"

Anavalanso magalasi ake. Anati, "Sindingakuuzeni kuti ndi chifukwa cha zimenezo. Matendawa tinawapeza atapita kale patali, ndipo amabwerera ngakhale kwa anthu amene anamwa piritsi lililonse. Koma sindingakunamizeninso kuti ndikudziwa kuti sizinakhudze. Palibe amene angadziwe." Kenako anandiuza kuti otsalawo ndisawataye m'chimbudzi kapena pamoto, ndikawapereke kuchipatala. Ndikanakonda akanandikalipira, mwina ndikanapeza poyankhira. Ndinatuluka ndi yankho lopanda mbali, ndipo ndi limene ndili nalo mpaka lero.

Anawayambitsa mankhwala ena a m'diripi. Tinapita maulendo awiri, ulendo wachitatu aphunzitsi anati basi. Anauza ana pafoni, anauza abusa, anauza dokotala, mwaulemu monga mwa khalidwe lawo, kuti msewu uja awuyenda mokwanira. Tinkangotenga mankhwala oletsa ululu ku Katete. Mng'ono wanga anabweranso kuchokera ku Vubwi kudzandithandiza kuchapa, ndipo za makungwa aja sanazitchule. Ine ndinkalephera kumuyang'ana kumaso. Iye anabweretsa zake poyera, anthu akuona, ine zanga ndinachitira kukhitchini.

Aphunzitsi sindinawauze. Ndinkati mawa, mawa likafika n'kuona kuti agona bwino, ndiwasokonezerenji. Ndikamawasambitsa ndinkafuna kuyamba, koma n'kungopitiriza kuwasambitsa. Ndinayamba kuwakalipira pa zinthu zopanda pake, kuti ataya madzi pamphasa, kuti sanamalize phala. Iwo ankangondiyang'ana.

Kutayamba kutenthanso, masana ena ndinafuna mbewu ya therere yoti ndikabzale kudimba. Ndinatsitsa kachitini kaja. Kanali kolemera kuposa mmene mbewu imalemerera. Ndinaima nako pakhomo la khitchini nthawi yaitali, kenako ndinapita nako pansi pa mtengo wa mango pamene anagona pamphasa, n'kukhuthulira zonse m'mbale yachitsulo patsogolo pawo. Mapiritsi anasakanikirana ndi mbewu, ena atachita mawanga. Ndinagwada. Ndinati, "Aphunzitsi, awa ndi anu. Ndinkakubisirani."

Anadzutsa mutu n'kuyang'ana m'mbalemo. Anati, "Bwezerani m'chitinimo, mayi, nkhuku zingatole."

Ndinati kodi mwamva zimene ndanena. Anati amva. Kenako anati, "Ndaphunzitsa ana kuwerenga zaka zonse zija. Mukuganiza kuti lilime langa silingasiyanitse awiri ndi atatu?"

Ndinakhala pansi, fumbi lomwelo. Ndinawafunsa kuti anadziwa liti. Anati m'mawa woyamba womwe. Ndinati nanga bwanji simunanene, inu amene munandijambulira pansi, inu amene mumadziwa za muyezo kuposa ine.

"Ndinafuna kufunsa," anatero. "Koma ndinadziwa kuti ndikafunsa mundipatsa onse atatu. Ndipo ine ndinali nditatopa, mayi. Ndiye ndinkatsinzina msanga kuti mupeze mpata."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinalira n'kuwagwira dzanja. Ayi, ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ndi munthu woipa, kuti andisiya ndisenze chinthu chimenechi ndekha miyezi yonseyi, osagona, osadya bwino, kunamiza namwino, kukalipira m'bale wanga, pamene iwo akudziwa n'kumangotsinzina ngati mwana. Ndinalankhula zambiri, zina sindingazilembe. Anandisiya mpaka nditamaliza. Kenako anati, "Pepani. Ndinkaganiza kuti mukadziwa kuti ndikudziwa, muchita manyazi n'kusiya." Anatambasula dzanja, chikhatho chija chimene chinapola bwino, n'kuyamba kundithandiza kutola timbewu timene tinagwera pamphasa. Ndinawamenya padzanja pang'ono kuti asagwire mapiritsi. Anaseka, ndipo kunali kuseka kwawo komaliza kumene ndikukumbukira bwino.

Anatisiya mvula yoyamba itangogwa, anthu ali kalikiliki kubzala. Anthu a kutchalitchi pamaliro ankanena za mmene ndinawasamalira, ndipo ndinangoweramitsa mutu. Ana sindinawauze nthawi imeneyo. Ndinadzawauza chaka chotsatira, mmodzimmodzi, ndipo wamkulu sanandilankhule masabata angapo. Sindimuimba mlandu.

Mpaka pano ndikamayeza mankhwala a thonje ndimayang'ana mzere wa kabotolo kawiri, katatu, ngati kuti pali amene akundiona. Anthu akamabwera kudzandifunsa za wodwala wawo, poti amati ndinadutsamo, ndimawauza chinthu chimodzi chokha, kuti nambala imene akupatsani kuseri kwa khadi muziimba. Amayembekeza kuti ndinena zambiri, za zakudya kapena za mapemphero, koma ine ndimathera pomwepo.

Therere lija sindinabzale. Patapita mwezi chichitikire maliro ndinakulunga kachitini konse m'pepala lapulasitiki, ndinakwera minibasi mpaka ku Katete, n'kukaima pamzere wa pawindo lolandirira mankhwala. Nthawi yanga itafika ndinapereka, n'kunena kuti ndi mankhwala a khansa otsala, mwiniwake anamwalira, anandiuza kuti ndibweze. Bambo wa pawindopo anavala magolovesi, natsegula, nayang'ana mapiritsi aja ali pakati pa mbewu. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amayi, anatsala bwanji ochuluka chonchi?"

Ndinati, "Tinatopa."

Sanafunsenso. Anatseka kachitini n'kukaika pansi pa tebulo, naitana wotsatira, ine n'kutuluka kukafuna minibasi ya ku Sinda.